Momwe dziko la Britain lalimbanirana ndi fodya ndi khansa ya m'mapapo

Khansa ya m'mapapo ndiyo imapha anthu ambiri ku Britain kuposa khansa ina iliyonse, pafupifupi 35,000 chaka ndi chaka, ndipo ochuluka mwa iwo amakhala oti anasutapo fodya. Lero zimenezi ndi zodziwika ngakhale kwa mwana wa sukulu, koma m'zaka za m'ma 1940 kusuta kunali chizolowezi cha amuna ambiri m'dzikomo, madokotala omwe.

Pamene imfa zinkachulukirachulukira, dokotala Richard Doll ndi katswiri wa ziwerengero Austin Bradford Hill anayamba kufunsa odwala m'zipatala za mu London za moyo wawo. Poyamba ankakayikira utsi wa galimoto ndi phula la m'misewu. Mayankho a odwalawo analoza ndudu. Doll mwiniyo anali wosuta, ndipo anasiya kafukufukuyo ali mkati. Zotsatira zake zinatuluka mu 1950, ndipo chaka chotsatira awiriwa anayamba kulondola miyoyo ya madokotala pafupifupi 40,000 kuti aone amene akufa msanga. Ankafa msanga anali osuta.

Boma silinafulumire, ndipo kuzengerezako kunapititsa miyoyo yambiri. Kutsatsa ndudu pa wailesi ya kanema kunaletsedwa mu 1965, koma panatha zaka zina 40 utsi usanachotsedwe m'malo ogwirira ntchito, odyera ndi omwera mowa. Amene anathandiza kutsegula anthu m'maso ndi Roy Castle, msangalatsi wotchuka yemwe sankasuta, koma anamwalira ndi khansa imeneyi mu 1994. Iye ankakhulupirira kuti anaitengera m'makalabu odzaza utsi momwe ankaimba lipenga ali mnyamata. Scotland inaletsa kusuta m'malo oterewa mu 2006, England pa 1 July 2007. Chaka chomwecho msinkhu wogulira fodya unakwera kuchoka pa zaka 16 kufika pa 18. Kuyambira mu 2017 ndudu zonse zimagulitsidwa m'mapaketi a mtundu umodzi wothimbirira, opanda zokometsera, okhala ndi zithunzi zoopsa za matenda. Mu 1974 akuluakulu 45 pa 100 alionse ankasuta. Pofika 2023 anatsala pafupifupi 12 pa 100 alionse.

Komabe kuchepa kwa osuta sikuchiritsa munthu amene anasuta zaka 30 n'kusiya. Vuto la khansa imeneyi n'lakuti imakula mwakachetechete. Munthu akamayamba kutsokomola kosalekeza, kulavula magazi, kubanika ndi kuwonda, zizindikiro zofanana ndi za chifuwa chachikulu, nthawi zambiri chotupa chimakhala chitafalikira kale. Ikapezeka idakali yaing'ono, madokotala amatha kudula kachigawo ka phapo, ndipo oposa theka la odwala amakhala adakali moyo pakatha zaka zisanu. Ikapezeka mochedwa kwambiri, ofika zaka zisanuzo sakwana ngakhale mmodzi mwa khumi.

Apa m'pamene madokotala a ku Manchester anachita chanzeru mu 2016. Anaona kuti anthu a m'madera osauka, komwe osuta ndi ambiri, ndiwonso amapita kuchipatala mochedwa, ena poopa kudzudzulidwa kuti anadziputira okha. Choncho anakweza makina ounikira m'thupi a CT pa malole n'kukawaimika pabwalo loimikapo galimoto la masitolo akuluakulu. Bambo woitanidwa kudzayezedwa ankakwera masitepe a lole, namwino n'kumufunsa zaka zomwe wasuta, n'kumuuza kuti auzire mpweya m'kachipangizo koyezera mphamvu ya mapapo. Akaoneka kuti ali pachiopsezo, ankagona pa kabedi ka makinawo kwa mphindi zochepa, osavula n'komwe, kenaka n'kupitiriza ulendo wake. Dzina lomwe anapatsa ntchitoyi silinatchule khansa, linangonena za kuyeza thanzi la mapapo, kuti anthu asachite mantha. Mwa khansa zomwe anazipeza, pafupifupi zisanu ndi zitatu mwa khumi zinali zongoyamba kumene, zotheka kuchizika.

Njirayi inafalikira m'madera ena a England kuyambira mu 2019, ndipo mu June 2023 boma linalengeza kuti aliyense wa zaka 55 mpaka 74 amene amasuta kapena anasutapo aziitanidwa kukayezedwa. Osuta amapatsidwanso pomwepo uphungu ndi mankhwala othandiza kusiya, popeza kuunika kokha sikuchotsa gwero la matenda.

Mu 2024 boma linapititsa ku Nyumba ya Malamulo bilu yoti aliyense wobadwa kuyambira pa 1 January 2009 asadzagulitsidwe fodya moyo wake wonse, ngakhale atadzafika zaka 60.