Mita ya magetsi yolipiriratu

Mita ya magetsi yolipiriratu ndi chipangizo choyeza magetsi chomwe chimalola nyumba kugwiritsa ntchito magetsi okhawo omwe yagula kale. Ku Malawi mamita amenewa amaikidwa ndi bungwe la ESCOM, ndipo amapezeka m'nyumba ndi m'mashopu ambiri okhala ndi magetsi, kuphatikizapo pa boma la Salima, ku Senga Bay ndi ku Chipoka. Mbali yomwe mwini nyumba amaigwira ndi kabokosi kokhala ndi mabatani a manambala ndi kagalasi, komwe anthu ambiri amangoti kiyipadi. Kagalasiko kamaonetsa mayunitsi otsala, osati makwacha.

Kapangidwe kake

Mamitawa alipo amitundu iwiri. Wina umakhala chinthu chimodzi chokhomedwa pakhoma, mabatani ndi kagalasi zili pomwepo. Wina ndi wogawikana: mita yeniyeniyo imatsekeredwa m'bokosi pamwamba pa pholo kapena kunja kwa nyumba, m'nyumba n'kutsala kiyipadi yokha, yomwe akatswiri amaitcha CIU. Amaigawa chonchi pofuna kuchepetsa kuba magetsi polambalala mita. Kiyipadi siyeza kanthu payokha. Imangotumiza manambala ku mita ndi kuonetsa yankho, ndipo pa mamita ambiri ogawikana uthengawo umadutsa m'mawaya a magetsi a m'nyumba momwemo. N'chifukwa chake kiyipadi yotere imafuna kulumikizidwa pa soketi yoyatsa.

Tokeni

Munthu amagula mayunitsi potchula nambala ya mita yake, kudzera pa Airtel Money, TNM Mpamba, kubanki kapena kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo amalandira tokeni ya manambala 20. M'manambalawo mwabisika kuchuluka kwa mayunitsi ndi nthawi yomwe tokeni inapangidwa. Tokeni imagwira pa mita imodzi yokha, kamodzi kokha. Wolakwitsa nambala ya mita pogula ndiye kuti wagulira mwini mita ina.

Njirayi imatchedwa Standard Transfer Specification, mwachidule STS, ndipo inayambira ku South Africa, kukampani ya Eskom, mu 1993. Nthawi ya m'tokeni inkawerengedwa m'mphindi kuchokera pa 1 Januwale 1993, ndipo malo osungira nambala imeneyi amadzaza pakatha mphindi 16,777,216, zomwe ndi zaka pafupifupi 32. Tsiku lodzazalo linali 24 Novembala 2024. Lisanafike, eni mamita a STS m'mayiko ambiri anayenera kulowetsa matokeni awiri apadera osinthira kiyi ya mita, kuti ipitirize kulandira matokeni atsopano.

Kuwerenga kagalasi

Yuniti imodzi ndi kilowati imodzi yogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi, ndipo imalembedwa kWh. Mtengo wa yuniti umasintha bungwe la MERA likavomereza, choncho ndalama zomwezo sizigula mayunitsi ofanana chaka ndi chaka. Koma zomwe chipangizo chimadya sizisintha ndi mtengo, ndipo masamu ake ndi apafupi: mawati olembedwa pa chipangizo, kuchulukitsa ndi maola, kugawa ndi 1,000. Babu la LED la mawati 10 limayaka maola 100 kuti limalize yuniti imodzi. Ketulo ya mawati 2,000 imamaliza yuniti yomweyo m'mphindi 30. Fani ya mawati 50 yozungulira maola 10 usiku imadya theka la yuniti. Hotipuleti ya mawati 1,500 ikayaka mwamphamvu maola awiri kuphika nyemba zouma imatenga mayunitsi atatu. M'mabanja ambiri ana amakalipiridwa chifukwa chosiya babu loyaka, pomwe mayunitsi akuthera kukhitchini ndi pa ayironi.

Pa mamita ambiri pali kanyale kofiira komwe kamaphethira, ndipo pambali pake pamalembedwa 1000 imp/kWh. Izi zikutanthauza kuti kakaphethira ka 1,000 yuniti imodzi yapita. Babu lija likamayaka lokha, kanyaleko kamaphethira kamodzi pa mphindi zisanu ndi chimodzi. Ketulo ikayatsidwa kamaphethira pafupifupi masekondi awiri aliwonse. Pothimitsa zonse n'kumayatsa chimodzichimodzi, munthu amadziwa chomwe chikudya kwambiri. Njira ina ndi yolemba nambala ya pakagalasi pogona ndi podzuka kwa masiku angapo.

M'mphepete mwa nyanja ku Salima kuwerenga kotereku kumakhudza malonda. Ogulitsa chambo ndi kampango wamuwisi, ogulitsa zakumwa zozizira ndi eni malo ogona alendo ku Senga Bay amadalira mafiriji, ndipo firiji ndi chipangizo chovuta kuchiwerengera ndi mawati okha chifukwa injini yake imayaka ndi kupuma yokha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kukatentha kwambiri, imapuma pang'ono. Imadyanso zambiri ikamatsegulidwa pafupipafupi, ikathiridwa nsomba zambiri zofunda nthawi imodzi, ikaikidwa pomwe pakuomba dzuwa, kapena labala wa pachitseko akatha. Mwini geni yemwe wayeza kuti firiji yake imadya mayunitsi angati pa maola 24 amadziwa mayunitsi oti asiye asanapite kukapikula nsomba, kuti magetsi asathe usiku katundu ali m'kati. Mayunitsi akatsala ochepa mita imachenjeza ndi kanyale kapena kulira, koma chenjezolo silithandiza ngati panyumba palibe munthu.

Manambala afupiafupi oonera zinthu zina, monga tokeni yomaliza kulowetsedwa kapena mphamvu yomwe ikukokedwa pa nthawiyo, amasiyana malinga ndi kampani yopanga mita, monga Conlog, Landis+Gyr kapena Hexing. Amapezeka m'kabuku kobwera ndi mita.

Magetsi akazima

Kuzima kwa magetsi m'nyumba kumachokera kosiyanasiyana, ndipo kagalasi kamathandiza kusiyanitsa. Kakaonetsa ziro, mayunitsi atha. Ngati mayunitsi alipo koma mita yadula, nthawi zambiri ndiye kuti zipangizo zoyatsidwa pamodzi zaposa malire a mita. Kuchotsako zina ndi kudikira pang'ono kumabwezeretsa magetsi. Ngati kwa oyandikana nawo kulinso mdima, vuto lili pa mawaya a ESCOM kapena kopangira magetsi. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 kuthima kwa magetsi kunakula m'dziko lonse. Malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 omwe anatsegulidwa ku Salima mu 2021 amathira magetsi ake m'mawaya a dziko lonse, choncho kukhala pafupi nawo sikuteteza nyumba ku kuthimako.

Pa mita yogawikana, mayunitsi akatheratu masoketi onse amafa, ndipo kiyipadi imadalira mabatire ake. Mabatire akakhala akutha, tokeni singalowe ngakhale yagulidwa. Singalowenso magetsi a ESCOM atathima, poti mita ya papholo nayo imakhala yozima, koma tokeniyo siwonongeka. Imalowa magetsi akabwera. Kukwera pholo kapena kutsegula bokosi la mita n'koopsa komanso ndi mlandu.

Pa nyumba za lendi zomwe mabanja angapo amasonkherana mita imodzi, kagalasi kamaonetsa za onse pamodzi. Kugawana mtengo mofanana kumapweteka banja lomwe lili ndi mababu ndi wailesi yokha pomwe anzawo ali ndi firiji ndi hotipuleti.

Gasi ndi mamita a mayiko ena

Mita ya STS wamba situmiza uthenga uliwonse kukampani. Zonse zimadutsa mwa tokeni. Ku Britain kuli mamita omwe amatumiza okha zomwe ayeza, ndipo nyumba imapatsidwa kagalasi kam'manja koonetsa magetsi ndi gasi pamodzi, m'ma kWh komanso m'ndalama. Nambala ya magetsi imasintha pafupifupi masekondi 10 aliwonse, koma ya gasi pa mphindi 30, chifukwa mita ya gasi imayendera batire lomwe liyenera kukhala zaka zambiri.

Ku Malawi gasi wophikira sabwera m'mapaipi. Amagulidwa m'masilinda poyeza makilogalamu. Ku Kenya ndi ku Tanzania makampani a M-Gas ndi KopaGas anayamba kuika kamita pamutu pa silinda, kuti munthu azilipira gasi pang'onopang'ono pa foni. Silinda yopanda kamita kotere imayezedwa pa sikelo, n'kuchotsapo kulemera kwa silinda yopanda kanthu komwe kumadindidwa pachitsulo chake. Chotsalacho ndiye gasi yemwe ali m'kati.