Nkhope za Mafumu pa Makobidi a Golide

Munthu wogulitsa mbuzi pa msika wa Bangula sayang'ana nkhope ili pa ndalama; iye amangowerenga basi. Koma m'maiko ambiri alipo anthu osonkhanitsa makobidi akalekale, ndipo kwa iwo nkhopeyo ndiyo imapatsa kobidi mtengo, kuposa golide wake.

Ofunidwa kwambiri ndi makobidi otchedwa solidus, amene Constantine, mfumu yaikulu ya Aroma, adayamba kusulitsa cha m'ma 310. Lirilonse linkalemera pafupifupi magalamu 4.5, ndipo mafumu olamulira ali ku mzinda wa Constantinople adasunga muyeso umenewu kwa zaka pafupifupi 700.

Masiku amenewo kudalibe wailesi ngakhale nyuzipepala. Anthu akutali ankadziwa kuti pampando pakhala wina poona kobidi latsopano, motero mfumu iriyonse inkasamala kwambiri za maonekedwe ake pamenepo. Justinian II ndiye adayamba kuika nkhope ya Khristu kutsogolo kwa solidus, iye mwini naimirira kuseri. M'chaka cha 695 adani adamlanda ufumu namdula mphuno, poganiza kuti munthu wachilema sangalamulirenso. Adabwerera mu 705, koma pa makobidi ake atsopano mphuno ili bwinobwino, ngati palibe chidachitika. Irene, amene adachititsa khungu mwana wake womubala mu 797 kuti alamulire yekha, adaika nkhope yake mbali zonse ziwiri. Apa mpoonekeratu kuti kobidi limanena zimene mfumu ifuna kuti anthu akhulupirire.

Asilamu adatsata njira ina. Cha mu 697 Khalifa Abd al-Malik wa ku Damascus adachotsa zithunzi zonse pa dinari ya golide, nasiya malemba okhaokha. Muno mu Afirika, mafumu a ku Aksum, kumene lero kuli Ethiopia ndi Eritrea, adasulitsa makobidi aoao a golide, ndipo Ezana atalowa Chikhristu adaikapo mtanda m'malo mwa mwezi.

Makobidi otere sadali ndalama za m'Chigwa cha Shire, ngakhale golide sadali kutali. Ankakumbidwa m'mapiri a Zimbabwe natsikira ku Sofala ndi Kilwa, ndipo pambuyo pake ankadzeranso ku Tete ndi Sena. Koma Amang'anja ankasinthanitsa makasu, mchere ndi nsalu za thonje zotchedwa machira, zimene zinkagulidwa m'mbali mwa Zambezi. N'chifukwa chake munthu wa ku Chikwawa kapena Nsanje akamtsatsa kobidi "la Aroma" loti lafukulidwa m'dimba, ayenera kukayika. Onyenga amapaka golide pa mkuwa. Wodziwa amayamba waliika pa sikelo, chifukwa mkuwa ndi wopepuka kuposa golide, kenaka n'kuyang'ana m'mphepete ngati muli mzere wosonyeza kuti lidathiridwa m'chikombole. Solidus weniweni ankasulidwa ndi nyundo.

Koma kobidi lenileni likatuluka m'nthaka, malo ake ndiwo nkhani yaikulu. Mu 1971, pa mabwinja a Great Zimbabwe, padapezeka kakobidi kamodzi ka mkuwa kokhala ndi dzina la al-Hasan bin Sulaiman, sulutani wa ku Kilwa amene mlendo Ibn Battuta adamchezera mu 1331. Kakadalowa m'thumba la munthu, palibe akadadziwa kuti kadayenda ulendo wonsewo kuchokera kunyanja kufika pakati pa dziko.