Moyo wa Mtengo Uli Pansi pa Khungwa

Mu gawo ili la sewero munamva agogo akukalipira mdzukulu wawo chifukwa chosenda khungwa la muwawani kuzungulira thunthu lonse pofuna mankhwala a m'mimba. Mnyamatayo anayankha kuti sanadule mtengo, wangotengako khungwa basi. Pa zokambirana, ena anati mwanayo sanalakwe popeza mtengowo unali wobiriwirabe. Tiyeni tione chimene chimachitika m'kati mwa mtengo kuti tidziwe amene ananena zoona.

Kodi mtengo umanenepa bwanji?

Mukamasenda luzi nthawi ya dzinja, mumaona kuti pakati pa khungwa ndi thunthu pali poterera. Poterera pamenepo pali kachikopa kopyapyala kwambiri, ndipo ndi kamene kamapanga mtengo. Chaka chilichonse kamawonjezera mtengo watsopano cha m'kati ndi khungwa latsopano cha kunja. Kutalika kokha kumachitikira kunsonga kwa nthambi. N'chifukwa chake msomali umene mwakhoma pa thunthu sukwera m'mwamba, umangomira.

Mtengo watsopanowo, womwe ndi woyera, uli ndi timitsempha tokweza madzi kuchokera ku mizu kupita ku masamba. Masamba amatenga madziwo pamodzi ndi mpweya, ndipo ndi mphamvu ya dzuwa amapanga chakudya chonga shuga. Chakudyachi chimatsika kudzera m'khungwa la m'kati mpaka ku mizu, ndipo n'chimene mtengo umamangira thunthu lake.

Pakati penipeni, pamene timati mtima wa mtengo, ndi pakufa kale. Ntchito yake ndi kuchirikiza mtengo. Mu mlombwa ndi mbawa mtimawu umakhala wofiirira ndipo suwola msanga, n'chifukwa chake akalipentala amaufuna. Mukayang'ana chitsa cha mlombwa muona mizere yozungulira. Mtengowu umakula mvula ikamagwa ndipo umaima m'chilimwe, choncho mzere umodzi ndi chaka chimodzi.

Nanga mukasenda khungwa kuzungulira?

Mwatseka njira ya chakudya. Madzi amakwerabe, choncho masamba amakhala obiriwira kwa miyezi ingapo, mwina kupitirira chaka. Koma mizu ili ndi njala, ndipo ikafa mtengo wonse umauma. Agogo aja ananena zoona.

Dziwaninso kuti bala la mtengo silipola ngati la munthu. Mtengo umangokuta balalo pang'onopang'ono kuchokera m'mbali. Bala likakula, chiswe, nkhungu ndi tizilombo toboola zimalowa lisanatsekeke, ndipo thunthu limayamba mphako.

Zina zimene zimapha kapena kukwinimbiritsa mitengo

Moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala umawotcha kachikopa kaja, makamaka pa mitengo yaing'ono ya khungwa lopyapyala. Mbuzi zimadya nsonga. Waya kapena chingwe chomangidwa pa thunthu chimatsamwitsa mtengo ukamanenepa. Mitengo yothithikana imalimbirana dzuwa ndi madzi, imangotalika osanenepa.

Mitundu ya mitengo imasiyananso. Bulugamu amapatsa milimo ya chigafa cha fodya m'zaka zochepa, koma amamwa madzi ambiri, choncho musamubzale pafupi ndi chitsime kapena dambo. Mlombwa umatenga zaka makumi angapo kuti ufike pocheka matabwa. Msangu umayoyola masamba nthawi ya mvula, kotero chimanga chimakula bwino pansi pake.

Kodi izi zikukhudza bwanji umoyo wanu?

Inu a ku Mitundu mumaona njinga za makala ndi nkhuni zikuchokera ku nkhalango ya Dzalanyama. Nkhalangoyi ndi yotetezedwa kuyambira 1922, ndipo ndiko kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene anthu a mu mzinda amamwa. Kudula mitengo kutanyanya, boma linatumizako asilikali mu 2015. Mitengo ikatha, madzi a mvula amangothamanga pamwamba osalowa pansi. Zitsime zimaphwa msanga, anthu n'kumatunga madzi osatetezeka amene amabweretsa matenda otsegula m'mimba.

Nkhuni zikasowa, amayi amaphikira zaziwisi kapena zitsononkho. Utsi wake ndi wambiri, ndipo umawonjezera chifuwa ndi chibayo kwa mwana amene ali kumbuyo.

Zoyenera kuchita

1. Ngati mukutenga khungwa, sendani kachigawo kakang'ono mbali imodzi, motsata kutalika kwa mtengo. Musabwerezenso mpaka balalo litatsekeka.
2. Lambulani udzu kuzungulira mitengo yaing'ono mvula ikangotha, ndipo itchingeni ku mbuzi.
3. Chitsa chikaphukira, siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Zimakula msanga chifukwa mizu yake ndi yokhazikika kale.
4. Bzalani mitengo mvula ikakhazikika. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno ndi 15 Disembala mpaka 15 Epulo.
5. Umitsani nkhuni musanaphikire, ndipo phikirani podutsa mphepo.

Kumbukirani kuti mwana amene watentha thupi, akutsegula m'mimba kapena akupuma mobanika sayenera kuchedwetsedwa ndi makungwa. Pitani naye msanga ku chipatala cha Mitundu, cha Nathenje kapena china chimene muli nacho pafupi.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Ndi mitengo iti ya mankhwala imene yasowa m'mudzi mwanu?
2. Kodi mungagwirizane zotani ndi amfumu komanso asing'anga pa katengedwe ka makungwa?
3. Ndani pakhomo panu amene amasamalira mtengo ukabzalidwa?