NJIRA ZA UTUCI M'DIMBA

Pamene amisiri aceka matabwa pamatsala utuci wambiri. Pa malo ocekera mitengo, monga ku Chikangawa ndi ku Zomba, ndiponso pa maenje a anthu oceka ndi sowo m'midzi, utuciwo umangounjikidwa kapena kutenthedwa. Komatu utuci uli ndi nchito yabwino m'dimba la ndiwo zamasamba.

Nthawi ya dzinja tinjira ta pakati pa mabedi timacita matope ndi kuterera, ndipo udzu umamera msanga. Mlimi akathira utuci m'tinjirato amayenda pouma, ndipo udzu umalephera kumera cifukwa ca kusowa dzuwa.

Kakonzedwe kace nkosabvuta. Poyamba mlimi alambule njira ya masentimita 50 m'lifupi mwace, ndi kuzula udzu wonse pamodzi ndi mizu yace. Apale dothi lapamwamba mpaka masentimita 10 kupita pansi, naliponye pa mabedi, pakuti ndilo dothi lacakudya. M'mbali ayale njerwa zosweka kapena nsungwi kuti mvula isakokolole utuci. Atatero adzaze njirayo ndi utuci, auwaze madzi ndi kuupondaponda. Ukatitimira awonjezere wina.

Koma pali cinthu cimodzi cofunika kucikumbukira: utuci wosaola usalowe m'bedi. Tizilombo ta m'nthaka timene timaoletsa utuci timadya naitrojeni, ndico cakudya cobiriwitsa masamba. Cifukwa cace mpiru ndi kabici zikabzalidwa m'dothi losakaniza ndi utuci watsopano zimasanduka zacikasu ndi kupinimbira. Utuci uyambe waolera m'njira momwemo. Pakapita caka cimodzi kapena ziwiri umada ndi kufewa. Pamenepo mlimi aupale, ausakanize ndi ndowe za ng'ombe kapena zitosi za nkhuku, nathire pa mabedi monga manyowa, ndipo m'njiramo aikemo utuci wina.

Mlimi acenjerenso pa zinthu zitatu. Utuci umaitana ciswe, cotero njirayo isafike pa khoma la nyumba kapena pa nkhokwe. M'cilimwe utuci wouma umagwira moto, ndipo motowo umanyeka cobisala masiku angapo. Ndiponso utuci wa matabwa onyikidwa m'mankhwala kapena opakidwa penti ndi woopsa, usafike m'dimba konse.

Aphunzitsi angathe kuyesa nchito imeneyi m'munda wa pa sukulu dzinja lisanafike, kuti ana aone okha ndi kukauza makolo ao.