KODI TIGULITSE CHILIMILA KUTI MWANA APITE KU ZOMBA?



Tsiku lina titangoweruka ku madrasa, ana onse atabalalika, kunabwera bambo wina amene mwana wake tinamuphunzitsa kuyambira ali wamng'ono. Tinawayalira mkeka, tinalonjerana, koma nkhope yawo sinali ya munthu amene walandira uthenga wabwino. Chonsecho uthenga wabwino unalipo: dzina la mwana wawo wamkazi linali litatuluka pakati pa osankhidwa kupita ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba.

"Amwalimu," anatero bambowo, "ine ndili ndi boti limodzi, injini imodzi ndi chilimila chimodzi. Mabanja khumi amadyera pamenepo. Kodi ndigulitse kuti mwanayu akatenge pepala? Pepala lomwelo mwana wa achimwene anga akungozungulira nalo m'tauni, chaka chachitatu chino, ntchito osaipeza."

Funsoli sitinaliyankhe tsiku lomwelo. Tikudziwa kuti likufunsidwanso m'makomo ambiri, kuyambira ku Makanjira, Malindi, Monkey Bay, Chipoka mpaka ku Nkhotakota, n'chifukwa chake taganiza kuti tilikambirane pano.

Tiyambe takumbuka kumene tachokera. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali m'manja mwa amishoni, ndipo agogo athu ambiri anakana kutumizako ana awo poopa kuti akasinthidwa maina ndi kusiya chipembedzo. Sitikuwaweruza, pakuti anateteza chimene anachiona kuti n'chamtengo wapatali. Komabe pamene Yunivesite ya Malawi inkalandira ophunzira ake oyamba mu 1965, ana a m'midzi yathu amene akanatha kulowamo anali owerengeka. Kwa zaka zambiri kalaliki wa pa boma, namwino wa pa chipatala, ngakhale mphunzitsi wa pa sukulu ya m'mudzi mwathu momwe, ankachokera kwina. Sukulu yaulere ya pulayimale inadzayamba mu 1994, ndipo ena mwa ana amene analembetsa chaka chimenecho ndiwo makolo amene lero akusowa tulo ndi fizi ya ku koleji. Tsono pamene tikuwerengera mtengo wotumiza mwana, tisaiwale kuti kusamutumiza nako tinakulipira kale, ndipo sikunali kotchipa.

Nanga ndalama zake n'zingati? Kale mwana wosankhidwa ndi boma ankagona ndi kudya pa koleji pomwepo, n'kumalandiranso kandalama ka m'thumba. Masiku amenewo anapita. Mu 2016 fizi ya pa Yunivesite ya Malawi itakwezedwa kufika pa K400,000, ophunzira anachita zionetsero, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti itsike kufika pa K350,000. Mu 2023 inakwera kufika pa K650,000 pa chaka. Pa mtengo wa chaka chimenecho zaka zinayi zikukwana K2,600,000, fizi yokhayokha. Mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo zinthu zonse m'sitolo zinakwera nayo.

Chimene makolo ambiri sachiganizira n'chakuti fizi ndi mutu chabe, thupi lili m'mbuyo. Malo ogona pa koleji sakwanira, kotero ana ambiri amachita lendi m'makomboni oyandikana nayo monga ku Chikanda ku Zomba. Kumeneko mwana afuna ufa, ndiwo, makala, sopo ndi ndalama ya basi pobwera kumudzi. Afunanso laputopu ndi bandulo ya intaneti, pakuti ntchito zambiri za m'kalasi tsopano zimadzera m'menemo. Tinamvapo za ana amene fizi analipira yonse, koma n'kumalowa m'kalasi ndi njala ya dzulo. Mwana wotereyu, makamaka wamkazi, amakhala pa chiyeso chachikulu, ndipo kholo limene lamutumiza lisaganize kuti ntchito yatha pa tsiku lolipira ku banki.

Pali mtengo winanso umene sulembedwa pa lisiti, ndiwo zaka zinayi zimene mwana sakubweretsa kanthu pakhomo. Apa ndipo pamene nkhani imativutira ife a kunyanja. Mnzake amene anasiyira Folomu 2 n'kupita ku Joni watumiza kale malata ndi njinga yamoto, pamene wathu wa ku koleji akupemphabe ya sopo pa foni. Amayi akayang'ana nyumba ziwirizo, ndani angawatsutse? Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tonse tikukumbukira zipolowe zothamangitsa alendo ku South Africa mu 2008, 2015 ndi 2019. Mu 2015 boma linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu, ndipo ambiri anatsika ali chimanjamanja. Nyanja nayo sili monga inalili. Akuluakulu akudziwa mmene chambo chinathera m'nyanja ya Malombe kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, ndipo sitingalonjeze ana athu onse kuti adzakhala ndi moyo ndi usipa.

Komanso tisanamizane, bambo aja sananame. Digiri masiku ano si kalata yolowera ntchito monga zinalili pamene yunivesite inali imodzi m'dziko lonse. Yunivesite ya Mzuzu inatsegulidwa mu 1999, ya MUST ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS pamene makoleji a udokotala ndi unamwino anasanduka KUHeS. Onjezanipo LUANAR ndi makoleji omwe si aboma, muona kuti otsiriza maphunziro akuchuluka chaka ndi chaka kuposa mipando ya m'maofesi. Ngakhale aphunzitsi ndi anamwino, amene dziko likuwasowa kwambiri, akhala akudikira nthawi yaitali kuti boma liwalembe.

Maganizo athu tsono ndi awa. Funso lisakhale lakuti digiri ili ndi phindu kapena ayi, koma digiri yanji, ya pa sukulu iti, ndipo mwanayo ndi wotani. Musanalipire tambala ku koleji yomwe si yaboma, fufuzani ngati bungwe la National Council for Higher Education linavomereza sukuluyo pamodzi ndi phunziro lenilenilo limene mwana akukatenga, pakuti nthawi zina sukulu imakhala yovomerezeka koma phunziro lina ayi. Mufunseni mwanayo kuti akatsiriza adzadziwa kuchita chiyani ndi manja kapena mutu wake, chimene munthu angamulipire ngakhale boma lisanamuitane. Akakanika kuyankha, khalani naye pansi kaye. Ndipo mwana amene mtima wake uli pa zamanja tisamuone ngati wolephera. Bungwe la TEVETA lakhalapo kuyambira 1999, sukulu za ntchito zamanja zilipo ku Salima ndi ku Nasawa, ndipo ya zausodzi ili pakhomo pathu penipeni ku Mpwepwe. Mnyamata wodziwa kukonza injini za maboti sagona ndi njala pa doko lililonse la nyanja ino.

Za ngongole tinene mwachidule. Kuyambira mu 2015 pali bungwe la boma la Higher Education Students' Loans and Grants Board limene limakongoza ophunzira osowa. Si onse opempha amene amalandira, ndipo ndi ngongole yodzabweza, osati mphatso, choncho werengani bwino mfundo zake musanasaine. A Islamic Zakaat Fund nawonso akhala akuthandiza ophunzira. Koma katapila ndiye ayi. Chipembedzo chimaletsa, ndipo wadya kale maboti a anthu ambiri.

Patapita masiku atatu tinapita tokha kunyumba kwa bambo aja. Tinawauza kuti chilimila asagulitse, chifukwa ndalama yake ingathe chaka chachiwiri chisanafike, mwana n'kubwerera wopanda digiri, pakhomo popandanso ukonde. Tinawakumbutsanso kuti mwanayu anasankhidwa kukaphunzira uphunzitsi wa sayansi, ndipo atsikana a kuno sanaonepo mayi wa m'mudzi mwawo ataima kutsogolo kwa kalasi ya sekondale. Panali kale banja lina limene linkafunsira mbeta. Amayi ake ndiwo anayankha kuti wofuna mwana wawo adikire.

Lachisanu lotsatira, titachoka ku mzikiti, mbumba yonse inasonkhana. Amalume ake a mwanayo, amene ali ku Durban, anavomera pa foni kuti lendi adzilipira iwo. Bambo ake analonjeza kuti ndalama ya usiku umodzi pa sabata, usipa ukaphedwa, izipita pa buku la mwanayo ku banki osadutsira m'nyumba. Mafomu a ngongole ya boma tinathandizana kulemba pa khonde la madrasa, ndipo yankho tikudikirabe. Mwanayo anapita ku Zomba ndi thumba la ufa ndi chidebe cha usipa wouma, fizi ya gawo loyamba la chaka italipiridwa. Ya gawo lachiwiri sinakwanebe, ndipo sabata ino boti silinalowe m'madzi chifukwa cha mwera.