KU LIVINGSTONE, CILOLEZO CA MOWA ACIWERUZIRE PA FONI KAPENA M'NYUMBA YA KHONSOLO?

Livingstone ndi mzinda wa alendo. Anthu ocokera m'maiko akutali amabwera kudzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo cifukwa ca ici mahotela, nyumba zogonamo alendo ndi mabala n'zambiri, kuyambira m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi kufikira m'makomboni a Maramba, Dambwa, Libuyu ndi Linda. Aliyense wogulitsa mowa m'malo amenewa ayenera kukhala ndi cilolezo, cimene ambiri acicha laisensi. Funso limene lilipo masiku ano ndi ili: kodi pomva pempho la cilolezo anthu azisonkhana maso ndi maso, kapena azilankhulana pa foni ndi pa kompyuta aliyense ali kwao?

Kale nkhani ya zilolezo za mowa inali m'manja mwa bungwe la cigawo. Koma m'caka ca 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano, Liquor Licensing Act, limene linapereka nchitoyi ku makhonsolo. Cotero komiti ya khonsolo ya Livingstone ndiyo iweruza mapempho a mumzindawu, monga momwenso acitira makhonsolo a Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi. Wofuna cilolezo ayenera kulengeza poyera colinga cace, ndipo munthu amene aona kuti bala idzabweretsa msokonezo pamalopo ali ndi ufulu wa kulembera khonsolo kalata yotsutsa. Lamulo lomweli liletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18.

Za kukumana pa makina zinafala ndi mliri wa korona. Matendawa anapezeka m'Zambia pa 18 March 2020, ndipo mwezi womwewo usanathe a Edgar Lungu, amene anali Mtsogoleri wa Dziko panthawiyo, analamula kuti mabala atsekedwe ndi kuti anthu asasonkhane oposa 50. Alendo analeka kubwera, ndipo Livingstone anazizira. Mabala analoledwa kutsegulanso m'mwezi wa September caka comweco, koma masiku atatu okha pa sabata. M'miyezi imeneyo maofesi ambiri a Boma ndi makampani anayamba kucita misonkhano yao pa Zoom, njira imene anthu amaonana ndi kumvana pa intaneti.

Mliri unapita, koma njirayo inatsala. Ku England mkangano wace unafika mpaka ku khoti. Mu 2021 khoti lalikulu linagamula kuti misonkhano ya masiku onse ya makhonsolo iyenera kucitikira pamalo amodzi odziwika, makhansala ali pomwepo. Koma mu 2024, pa mlandu wa nyumba yovinira usiku ya m'dera la Lewisham ku London, khoti lomwelo linati kumva nkhani za zilolezo pa intaneti sikulakwira lamulo. Maweruzo amenewa alibe mphamvu m'dziko lathu, koma aonetsa kuti nkhaniyi si yopepuka ai.

Amene akonda njira ya makina ali ndi zifukwa zomveka. Kucokera ku Lusaka kufika ku Livingstone pali mtunda woposa makilomita 470. Mwini nyumba ya alendo kapena loya wace wokhala ku Lusaka ataya tsiku lonse pa mseu, nalipiranso pogona, kuti akayankhe mafunso a mphindi zowerengeka. Wodwala, wolemala miyendo, ndi mai amene sangasiye katundu wace pa msika wa Maramba, angathe kulankhula mau ao osasuntha. Ndiponso zonse zokambidwa zingasungidwe m'makina, kotero kuti palibe angadzakane mawa mau amene ananena dzulo.

Koma taganizirani za mbali inayo. Bala ikatsegulidwa pakati pa nyumba za anthu, amene asowa tulo ndi phokoso la nyimbo si loya wa ku Lusaka. Ndi agogo a khomo loyandikana nalo, aphunzitsi amene ana ao a sukulu adutsa pamenepo, ndi makolo amene anyamata ao ayamba kumwa asanakhwime. Anthu a Zambia sanaiwale za tujilijili, timapaketi ta mowa waukali timene Boma linaletsa mu 2012 titaononga acinyamata ambiri. Kawirikawiri otsutsa bala ndi anthu osauka, ndipo ambiri a iwo foni imene ali nayo ndi yoimbira cabe, yopanda intaneti. Kafukufuku wa bungwe la ZICTA wa mu 2022 anapeza kuti pa anthu anai alionse m'dziko muno, pafupifupi mmodzi yekha ndiye anali kugwiritsa nchito intaneti.

Palinso vuto la magetsi. M'caka ca 2024, cilala citaphwetsa madzi a m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Foni ikatha moto, kapena mau akadukaduka pakati pa msonkhano, wotsutsa angataike komiti isanamve dandaulo lace, ndipo cilolezo cingaperekedwe monga ngati palibe anakana.

Cina ndi cilankhulo. Mu Livingstone mumveka ciTonga, ciToka-Leya, ciLozi ndi ciNyanja. M'nyumba ya msonkhano wapampando angathe kuona pa nkhope kuti mkulu uyu Cingerezi camupita pambali, naitana womasulira. Pa kagalasi ka foni zimenezi sizioneka msanga. Ndiponso anthu khumi a komboni imodzi akalowa pamodzi ndi kukhala pa mabenci, makhansala aona ndi maso ao kuti nkhaniyo yawawa mudzi wonse.

Cotero makina ayenera kukhala khomo laciwiri, osati cotsekera khomo loyamba. Komiti ikhale m'nyumba ya khonsolo, citseko cili cotsegula kwa aliyense, ndipo amene ali kutali aloledwe kulankhula pa foni. Ngati mau a munthu wa mbali iriyonse aduka, nkhani iime kufikira atamveka. Tsiku la msonkhano lilengezedwe pa wailesi, m'misika ndi m'machalichi, m'zilankhulo za anthu a kumeneko, cifukwa cidziwitso ca m'nyuzipepala ya Cingerezi sicifika m'makomo ambiri.

Owerenga a m'midzi asayese kuti iyi ndi nkhani ya Livingstone yekha. Lamulo ndi limodzi m'dziko lonse, ndipo mabala akuculuka pa masiteshoni a m'mbali mwa mseu wa Great East. Mukamva kuti wina afuna kutsegula bala pafupi ndi sukulu, cipatala kapena nyumba zanu, ndipo inu muona kuti pali coipa, lembani kalata kwa mlembi wa khonsolo nthawi isanathe, musunge kope lace, ndi kudziwitsa a khansala ndi a mfumu anu. Funsaninso tsiku ndi malo amene nkhaniyo idzamvedwa. Akuluakulu anati fumbi ndiwe mwini: ngati inu simulankhula, komiti idzamva mbali imodzi yokha.