Njira ya ku Seoul safunsa ngati ya ku Embangweni

Anthu akamva kuti ndimaphunzitsa Chikoreya amandimvera chisoni. Amaona timizere ndi timabwalo ta zilembo zake n'kunena kuti zimenezo si za mutu wa munthu. Chonsecho zilembozo ndiye gawo lofewa. Dzina lake ndi Hangeul, anazikonza ndi Mfumu Sejong mu 1443 n'kuzilengeza mu 1446, cholinga chili choti anthu wamba azitha kuwerenga. Zoyambira zilipo 24 zokha, ndipo wakhama amayamba kuwerenga zikwangwani sabata isanathe. Pogwera anthu ndi pamsewu, munthu akafunsa njira n'kupatsidwa yankho.

Kuno ku Mzimba ulendo sitichita nawo chilendo, mudzi wopanda mwana ku Joni ndi wosowa. Ku South Korea ndiye kumapita ochepa: ena sukulu kudzera mu Global Korea Scholarship, ena maphunziro afupiafupi a bungwe la KOICA, ena zampingo. Amene wauzidwa kuti kumeneko kuli ganyu wa m'fakitale ayambe wafunsa bwino asanalipire aliyense. Mu 2013 boma lathu linalengeza zotumiza achinyamata kukagwira ntchito ku Korea, nkhaniyo inathera m'malere.

Mukatsika minibasi pa Jenda mukufuna msewu wa ku Embangweni, simuyamba ndi funso. Mumapereka moni, "Monire mama, muli uli?", mufunsane kochokera, ndipo pofika pa nkhani ya njira mwadziwana kale ziwongo. Ku Seoul mukayamba choncho, munthu amangowonjezera liwiro. Si mwano ayi. M'misewu ya kumeneko mumayenda anthu a timagulu tachipembedzo amene amaimitsa odutsa ngati akufunsa njira, kenako n'kutembenuza nkhani, choncho mlendo wozungulira poyankhula amakayikiridwa. Munene mawu amodzi, Jeogiyo kapena Sillyehamnida, muweramitse mutu pang'ono, funso pompo. Ulemu wawo uli kumchira kwa chiganizo, pa kamawu kakuti yo. Kukasiya poyankhula ndi munthu amene simukumudziwa kuli ngati kunena "iwe" kwa apongozi.

Funsolo ndi lophweka mochititsa manyazi. Mutchule malo, muwonjezere eodiyeyo. Byeongwon eodiyeyo? Chipatala chili kuti? Hwajangsil eodiyeyo? Chimbudzi chili kuti? Mawu akutsatana momwe amatsatirana kwathu. Chenjerani ndi eo yekha: akalemba m'zilembo zathu amaika ziwiri, koma liwu ndi limodzi, o wotsegula kukamwa. Munene "odiyeyo".

Lilime lathu limatithandiza kuposa momwe ambiri amaganizira. Ife timasiyanitsa kupala ndi phala, ndipo Chikoreya nacho chimadalira kampweya komweko: tal ndi chigoba chovala kumaso, ttal ndi mwana wamkazi. Azungu amavutika nazo miyezi. Komanso r ndi l, zimene amatiseka nazo pa Chingerezi, kumeneko ndi chilembo chimodzi. Potigwetsa ndi pa chizolowezi chathu chomaliza liwu lililonse ndi a, e, i, o kapena u. Kumanzere ndi oenjjok, wophunzira wanga amati "wenjoku". Liwulo limathera pakhosi, lilime litatseka, osatulutsa kanthu.

Mabuku ambiri amachulutsa mafunso okongola, ndipo pamenepa ndimasiyana nawo. Mukafunsa mosalala kwambiri, woyankhayo amaganiza kuti chiyankhulo mumachidziwa, n'kukuthirani mawu ngati mvula, inu n'kumangogwedeza mutu. N'chifukwa chake nthawi yambiri m'kalasi ndimaithera pa khutu. Wophunzira azitha kutola mawu ochepa m'chigumula chimenecho: oenjjok kumanzere, oreunjjok kumanja, jjuk molunjika, sageori mphambano ya misewu inayi, geonneopyeon tsidya lina la msewu, yeop pambali, ap kutsogolo, dwi kumbuyo. Enawo angodutsa.

Palinso msampha umene sutchulidwa kawirikawiri. Ife tikamaletsa, chiletso chimabwera koyambirira: ukangomva "musa-" wadziwa kale. Chikoreya chimaika mneni kumapeto, ndipo chiletso chimabwera pambuyo pake. Gaseyo ndi "pitani", gaji maseyo ndi "musapite". Amene wamva oreunjjok n'kunyamuka chiganizo chisanathe akhoza kulowa njira yomwe amamuletsayo.

Chinanso, funsani mafunso obala yankho lalifupi. Lozani ndi dzanja n'kunena Ijjogieyo?, kutanthauza "Ndi mbali iyi?" Yankho ndi ne kapena aniyo, inde kapena ayi. Meoreoyo? Ndi kutali? Zikathina, Cheoncheonhi malhae juseyo, chonde yankhulani pang'onopang'ono. Pomaliza, Gamsahamnida.

Kwathu njira timaiuza ndi zinthu ndi anthu: mukadutsa chigayo mukhote pa mkuyu, mukafika pa mjigo mufunse kwa a Jere. Akoreya nawonso sadalira kwambiri mayina a misewu. Maadiresi otsata misewu anakhazikika mokwanira mu 2014, m'mbuyomo ankatsata manambala a mapuloti, amene sankayenda mwandondomeko yoti mlendo angatsate. Chigayo chawo ndi khomo la siteshoni ya sitima zapansi pa nthaka. Siteshoni imodzi imakhala ndi makomo ambiri, lililonse ndi nambala yake, ndipo anthu amapangana kukumana pa sam-beon chulgu, khomo lachitatu. Mukatulukira lolakwika mumapezeka tsidya lina la msewu waukulu, kobwerera n'kulowanso pansi. Apa khutu lisamale, chifukwa il ndi i, 1 ndi 2, zimamveka mofanana pa phokoso, chimodzimodzinso sam ndi sa, 3 ndi 4. Tukulani zala, woyankhayo atsimikize.

Wina anena kuti foni ilipo. Inde, koma kwa zaka zambiri Google Maps yakhala yopunduka ku South Korea chifukwa boma linkaletsa kutulutsa kunja mapu atsatanetsatane pa zifukwa zachitetezo. Eni ake amagwiritsa ntchito Naver Map ndi KakaoMap, zomwe zimapeza malo mosavuta dzina likalembedwa m'Hangeul. Musanatuluke, wina akulembereni kumene mukupita, mukangoonetsa.

M'kalasi timayeserera ndi tauni yathu yomwe ino. Mmodzi afotokoze m'Chikoreya njira yochokera kudepoti ya Mzimba kukafika kumsika kapena kuchipatala, mnzake ajambule papepala osafunsa m'Chitumbuka. Amakangana kwambiri pa mtunda. Wa kuno akati "ndi pafupi pompano" mukhoza kuyenda mpaka thukuta, pomwe Mkoreya amatchula mphindi: georeoseo o-bun, mphindi 5 wapansi. Mphindi amawerenga ndi il, i, sam, koma maola ali ndi manambala enanso, han, du, se, ndipo amenewo ndimawaphunzitsa manambala a makomo aja akakhazikika kaye m'khutu.